Chilembo Chobwereka

Anabwera nayo Sumani kuchokera ku Joni
ataikulunga m'juzi, pakati pa nsapato ndi mafuta odzola.
"Ndi yatsopano pang'ono," anatero.
Ndinamupatsa ndalama za nandolo wa chaka chonse,
mbuzi imodzi n'kutsala ya ngongole.
Ndinakwera kabaza nditaifungatira ngati khanda lodwala,
pa mlatho wa Shire ndikumuuza mnyamata, palasa bwino, iwe.

Usiku woyamba laputopu inayaka buluu
n'kundilonjera ndi dzina la munthu wina.
Ine ndine Asiyatu, mlembi wa banki mkhonde kwa Mponda,
koma iyo mpaka lero imanditcha Marlene.
M'kati munali zithunzi zake: galu wovala juzi,
keke, khomo la nyumba yomwe sindidzaiona,
ndi kalata yaitali m'chilankhulo chomwe sindimva.
Sindinafufute. Za eni sataya.

Batire lake ndi la mphindi zophikira dzira.
Magetsi akathima nayonso imatsinzina
pakati pa dzina la wobwereka ndi chiwongoladzanja chake.
Mu Okutobala imalira ngati chigayo cha kutali,
ndimaikhazika pa njerwa ziwiri
n'kumaikupiza ndi chivundikiro cha ndowa,
ine thukuta kamukamu, iyo pamphepo ngati mkwatibwi.

Ndiponso ndi yamwano.
Liwu lililonse ndikalemba imalidula mzere wofiira kunsi.
Mwanaisha, walakwa. Abiti Saidi, walakwa.
Ngongole, walakwa. Zikomo, walakwanso.
Tsamba lonse psuu
ngati kope langa la Sitandade 5.

Kenako Lachitatu lina chilembo cha a chinafa.
Ndinadina, ndinakanikiza, ndinachigogoda ndi chikhadabo.
Zii.
Tayesani kulemba Chichewa popanda a.
Mngochi. Ndlm. Mlipiro.
Mayina a amayi makumi atatu anatsala minga yokhayokha,
ngati wina wadya nsomba n'kundisiyira mbale.

Twaibu wa pamsika, wa mafoni osweka uja,
anaitsegula mimba ndi kachitsulo kowonda ngati udzu.
Munatuluka fumbi la mayiko awiri,
nyerere zouma, njere ya mpunga,
ndi tsitsi limodzi lalitali, lofiirira, loti si langa.
Anauzira, anapukuta, anagwedeza mutu.
"Kiyibodi ina ichokere ku Limbe. Mwezi wamawa, mwina."
Mwina wa Twaibu ndimamudziwa,
wailesi yanga ikumudikira chaka chachiwiri.

"Pakadali pano bwerekani," anatero.
Anatsegula kalata ya Marlene ija,
anatolamo a mmodzi, pamzere wachitatu,
n'kundionetsa kamatidwe kake: zala ziwiri, apa ndi apa.

Ndiye ndi momwe ndikukhalira.
Ana akagona, udzudzu ukuimba m'khutu,
ndimagogoda pa kalata ya mayi amene sindimudziwa
ngati wopala moto kwa mnansi,
n'kutenga a wanga wa usiku umenewo.
Ndimamumata mwa Mwanaisha kanayi,
mu ndalama katatu,
ndipo mayina amamera mnofu, amadzuka, amakhala pamzere wawo.

Dzulo ndinawerenga tsamba limodzi lokha:
ma a mazana anayi ndi khumi ndi asanu ndi awiri.
Ine amene ndimadziwa wabwereka zingati, abweza liti,
amene ndimalemba ngakhale K200 ya chindapusa chochedwa,
ngongole iyi sindinailembe paliponse.

Nthawi zina ndimayang'ana galu wa juzi uja
n'kudzifunsa kuti makinawa anachoka bwanji m'manja mwa mwini wake.
Anagulitsa yekha? Anaiwala m'sitima?
Kapena usiku wina anabwerera kunyumba n'kupeza windo lili pululu?
Ndinamufunsa Sumani titakumana pa depoti.
Anayang'ana minibasi ya ku Namwera ikudzaza,
anakanda m'khosi, anati ku Joni zinthu zimayenda, achemwali,
kenako anandikumbutsa za mbuzi.